Ziro ya Atelala

"Zonama."

"Mukutsimikiza, amayi?"

"Inu werengani lotsatira."

"Chabwino. Madzi akangooneka oyera ndiye kuti ndi abwino kumwa. Zoona kapena zonama?"

"Zoona."

"Lomaliza. Wodwala matenda othamanga magazi akayamba kupezako bwino angathe kusiya mankhwala."

"Zoona zenizeni. Azimwerabe chiyani munthu wachira?"

Mtsikana wa yunifolomu yoyerayo anadina chala pa tabuleti, kenaka anayang'anitsitsa pagalasipo. Atelala anadikira manja ali pamwendo. Ankadziwa zomwe zimatsatira: mwana wasukulu amausa moyo, nkhope n'kuwala pang'ono poti wapeza pophunzitsa, ndiye n'kunena kuti musadandaule amayi, tiphunzira limodzi.

Dzina loti Atelala linawakakamira ngakhale makina awo osokera anali atatha zaka zitatu ali chivundikirire. Maso ndiwo anayamba kukana. Ulusi unkalowa paliponse kupatula pabowo la singano, ndipo makasitomala omwe kale ankadzaza pakhonde ndi miseche yawo anasamukira kwa telala wa kumsika mmodzimmodzi, osatsanzika. Bambo a m'nyumba anali atatsogola kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankagwira ntchito kutali, ndipo ankaimba foni kamodzi pamwezi ndi mafunso ake atatu omweomwewo: muli bwanji, mankhwala alipo, denga likudonthabe. M'chipinda chawo cha lendi, chachinayi pa mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi, munali bedi kuseri kwa katani, makinawo, mbaula ndi mipando iwiri. Mpando wachiwiriwo unkakhalidwa Lachinayi lokha.

Lachinayi linali la sukulu ya anamwino ya kutsidya kwa msewu waukulu. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo sukuluyo inagwirizana ndi komiti ya zaumoyo ya m'derali kuti wophunzira aliyense wa chaka chachiwiri azipatsidwa khomo limodzi loti aziliyendera kwa masabata khumi. Tsiku loyamba ankafunsa mafunso makumi awiri a zoona kapena zonama. Tsiku lomaliza ankafunsanso omwewo, ndipo kusiyana kwake ndiko kunkapereka malikisi kwa wophunzirayo. Khomo lomwe lakhoza mafunso opitirira khumi ndi asanu pa tsiku loyamba linkatengedwa kuti lamaliza. Linkapatsidwa setifiketi n'kuchotsedwa pa mndandanda.

Atelala anawamvetsa masamu amenewa chaka choyamba chomwe. Kuyambira pamenepo, tsiku loyamba ankakhoza asanu ndi atatu, lomaliza khumi ndi asanu ndi atatu. Onse makumi awiri ayi, poti msoko wowongoka kwambiri umaulula makina. Zoti nzeru zonsezo zimathawira kuti pa miyezi itatu ya tchuthi, panalibe anafunsapo. Wophunzira aliyense ankabwera ndi fomu yatsopano, ndipo nkhalamba yoiwala pang'ono ndi chuma pa sukulu ya anamwino.

Anadutsa m'manja mwawo ophunzira khumi ndi mmodzi. Panali Wamantha, yemwe ankanjenjemera pomanga lamba woyezera magazi mpaka Atelala kumugwirira. Panali Wazidendene, wa nsapato zazitali kuchidendene, yemwe anagwera m'ngalande tsiku loyamba lomwe, yunifolomu yake n'kuchapidwa pomwepo iye atafunda nsalu ya eni nyumba. Wina anawaphunzitsa kusamba m'manja kanayi konse, ndipo kanayi konseko Atelala anadabwa ngati akuona sopo koyamba. Onse anakhoza bwino. Onse analonjeza kudzabweranso kudzawaona, koma Atelala sanawasungire mangawa. Mlendo ndi mame.

Wa chaka chino anali atamutcha kale Wamagalasi mumtima mwawo.

"Amayi," anatero Wamagalasi, "mwalakwa onse."

"Ukalamba, aNesi. Mutu uli ngati sefa."

"Onse twente."

"Ndiye muli ndi ntchito. Ndikuikireni tiyi?"

Mtsikanayo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa yunifolomu. "Funso lililonse lili ndi mayankho awiri okha. Nkhuku itamajompha pa tabuletipa ingakhoze mwina teni. Wosadziwa kanthu amalotako ena. Kuti munthu alakwe onse, osaphonya ndi limodzi lomwe, ayenera kuwadziwa onse."

Panja wina ankatunga madzi pampopi, ndipo Atelala anamvetsera ndowayo ikudzadza mpaka pakamwa.

"Anzanu ankangolemba," anatero potsiriza.

"Anzanga munkawapatsa eyiti. Ndinaona mafomu akale. Eyiti, eyiti, eyiti, zaka sikisi. Ngakhale sikelo ya kuchipatala simagwirizana yokha choncho. Chaka chino chavuta n'chiyani?"

Chinavuta chinali Atcheya a komiti. Mwezi wathawo anakumana nawo pamsewu, ndipo Atcheya, omwe nkhani siziwakhalira m'mimba, anawanong'oneza kuti ophunzira achepa, makomo awadula kuchoka pa makumi anayi kufika pa makumi awiri ndi asanu, ndipo atsala okhawo osadziwa kwenikweni. Atelala anaganiza kuti eyiti siikwananso. Anafuna kukhala mbuli yoposa mbuli zonse za m'dera, ndipo anaigwira ntchitoyo monga ankagwirira diresi la ukwati, osasiya ndi ulusi umodzi wolendewera.

"Fufutani tiyambirenso," anatero.

"Sizifufutika. Ndikangodina lomaliza zimapita zokha kwa Madamu, aphunzitsi athu. Taonani, zafiira."

"Kufiirako ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti Lachinayi likubwerali Madamu abwera okha kudzakuyezani mutu. Akapeza kuti mwayamba matenda oiwala akutumizani kuchipatala, ndipo odwala otero sapatsidwa ophunzira. Akapeza kuti mukudziwa zonse..."

"Setifiketi."

"Setifiketi."

"Nanga akapeza kuti mutu uli bwinobwino, kungoti ndine mbuli?"

"Pamenepo mungapitirire."

"Inu muwauza zotani?"

"Ine ananditumiza kudzafunsa mafunso, osati kudzayankha omwe sindinafunsidwe." Anabwezera magalasi pamphuno. "Koma akandifunsa sindinama."

Anamwa tiyi. Wamagalasi sanali wolankhulalankhula, koma ankamwa pang'onopang'ono, osayang'ana nthawi pafoni, ndipo anafunsa chifukwa chake makina akale amakhala ndi chithunzi cha maluwa pakhosi. Atelala sankadziwa. Anakambirana za nkhani yopanda yankhoyo mpaka ola linakwana. Atatuluka mtsikanayo, pampando panatsala kadzenje pa khushoni, ndipo Atelala sanafulumire kukawongola.

Kuchokera Lachisanu kufika Lachitatu ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo Atelala ankawadziwa lililonse ndi phokoso lake. Mdadada wonse unkatuluka m'mamawa, wina ku fakitale, wina kukagulitsa kaunjika, zitseko n'kutsala ndi maloko. Pofika masana panali iwo, mpopi wodontha, ndi wailesi yomwe inkapereka moni kwa anthu ena. Madzulo anthu ankabwerera atatopa, n'kuponya "mwaswera" akudutsa, osadikira yankho. Palibe ankawada. Kungoti munthu sagogoda pachitseko cha mnzake popanda chifukwa, ndipo ana asukulu okha ndiwo anali ndi chifukwa, cholembedwa pafomu, chokhala ndi chidindo.

Sabata imeneyo anapeza ntchito. Anatsitsa chitini cha mabatani n'kusankha oyera asanu ndi atatu, akuda khumi ndi awiri. Anawayala pa chivundikiro cha makina motsatana ndi mafunso, omwe ankawadziwa pamtima ngati nyimbo ya ku Sande sukulu. Loyera, khoza. Lakuda, lakwa. Mbuli yeniyeni, anaganiza motero, siilakwa mwachisawawa. Imadziwa zosamba m'manja ndi za udzudzu, poti zimenezo amaimba pawailesi. Imagwa pa za mankhwala ndi za makanda. Anasuntha mabataniwo masiku atatu mpaka umbuli wawo unaoneka wachibadwa.

Kuseri kwa khoma, m'chipinda chachisanu, khanda linkalira. Munalowa mtsikana wina miyezi iwiri yapitayo, mwamuna wake dalaivala wa magalimoto opita kutali. Ndi Atelala ankangopatsana moni pampopi. Lolemba ndi Lachiwiri kulirako kunali kwamphamvu. Lachitatu kunachepa, ndipo Atelala, maso ali pa mabatani, anangoti mwana wapezako bwino.

Lachinayi galimoto ya sukulu inalephera kulowa m'kanjira ka pakati pa nyumba, choncho Madamu anatsika pamsewu n'kuyenda wapansi, akulumpha ngalande, Wamagalasi ali pambuyo ndi chikwama. Galimoto imakoka anthu. Pofika pakhomo la Atelala panali patasonkhana kale amayi awiri atatu omwe sanapite koyenda tsikulo, ndipo pamphuthu penipeni panaima mtsikana wa chipinda chachisanu, khanda lili pachifuwa.

Madamu anali mayi wonenepa bwino, wa mawu ofewa a munthu wozolowera kumveredwa. Anakhala pampando wa alendo. Wamagalasi anaima pafupi ndi katani.

"Agogo, lero ndi lachingati?"

"Lachinayi. Masiku ena onse ndingasokoneze, koma limeneli ayi."

"Nditchula zinthu zitatu, muzisunge. Ndowa, mlatho, lalanje."

Anawafunsa mwezi, chaka, ndi dzina la msewu. Anawauza awerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa makumi awiri, ndipo Atelala anatsika bwinobwino mpaka pansi.

"Zinthu zitatu zija?"

"Ndowa, mlatho, lalanje. Ndipo batani lachiwiri la bulauzi yanu anasokera ndi ulusi wa mtundu wina."

Amayi a pakhomo anaseka. Madamu anayang'ana pachifuwa pawo, nawonso n'kuseka. "Mutu ulibe vuto uwu. Mwina sabata yatha mwana wathuyu anakufulumizitsani. Ophunzira amawerenga ngati akuthamangitsidwa. Tibwereze mafunso aja modekha."

Atelala anamuyang'ana Wamagalasi mwakabisira. Mtsikanayo ankayang'ana denga, pamalo podontha paja.

Loyamba, loyera. Anakhoza. Lachiwiri, lakuda. Analakwa mokayikakayika, atayamba akanda kumutu. Lachitatu ndi lachinayi, akuda. Lachisanu, loyera, ndipo Madamu anati mwaona, si izi. Zinkayenda ngati nsalu yabwino pansi pa singano. Lachisanu ndi chimodzi analakwa mosavuta.

"Lachisanu ndi chiwiri," anawerenga Madamu. "Mwana akatsegula m'mimba, ayambe wasiya kuyamwa kuti m'mimba mupume. Zoona kapena zonama?"

Limeneli linali lakuda. Atelala anatsegula pakamwa kuti anene kuti zoona, ndipo pomwepo anaona mtsikana wa pamphuthu uja akugwedeza mutu movomereza, ngati mwana wasukulu amene wamva funso lomwe akulidziwa.

"Iwe," anatero Atelala. "Ukuvomera chiyani?"

Mtsikanayo anadzidzimuka. "Ayi, ndimangomvera nawo."

"Mwanayo wayamwa liti?"

"Dzana madzulo. Akangoyamwa amatsegula, ndiye ndati apume kaye. Wasiyanso kulira."

"Agogo, tiyeni timalize kaye," anatero Madamu.

Mabatani anali pomwepo pa makina, pa mzere wawo, otsala khumi ndi anayi. Atelala anawaona bwinobwino. Akanatha kunena mawu amodzi aja, Madamu n'kuwakonza mofatsa pamaso pa onse, mtsikanayo n'kumva kuchokera kwa oyenera. Anaziganiza zimenezo. Koma miyendo inali itadzuka kale.

"Bwera naye kuno pakuwala."

Anavundukula kansalu. Khandalo linali lofooka ngati chovala chonyowa, maso atalowa, milomo youma. Anagwira paliwombo ndipo panali potsika. Anatsina khungu la pamimba n'kulisiya, ndipo linaima chitsinire, kubwerera mwaulesi.

"Wakodza liti?"

"Sindikukumbuka. Thewera ndi louma kuyambira dzulo."

"Khala apa, umuike kubere pompano. Kutsegula sikupha, chimapha n'kutha madzi m'thupi. Akamatsegula ndiye uziyamwitsa pafupipafupi kuposa kale. Kusiya kulira kumeneku si kuchira, ndi kutopa. ANesi, m'chikwamamo muli timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga? Kapaketi kamodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, osachepetsa madzi. Owiritsa ali mu jagimo. Muzimupatsa ndi supuni pang'onopang'ono, akasanza mudikire mphindi khumi muyambirenso. Koma uyu wapitirira za pakhomo. Khungu likachedwa kubwerera chonchi, mwana akulephera kukoka bere, ndi wa kuchipatala lero lomwe."

Atelala anazindikira kuti anena zonsezo mwa ndondomeko ya Wamantha, mwa mawu a Wazidendene, osadumpha mzere.

Madamu anadzuka n'kuliyeza okha khandalo, mwachangu, nkhope itasintha. "Akunena zoona. Tipita naye pa galimoto. Mayi, katengeni buku lake la kusikelo ndi nsalu zosinthira." Mtsikanayo anathamangira kuchipinda kwake, khanda n'kutsala m'manja mwa Atelala. Wamagalasi anali atagwada kale, akusungunula kapaketi mu jagi.

Pamenepo Madamu anatembenuka n'kuwayang'ana Atelala nthawi yaitali, kenaka anayang'ana wophunzira wawo.

"Unkadziwa?"

"Ndinkaganizira, Madamu."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira funso la teni."

Atelala anadikira kukalipiridwa. Kukalipiridwa kukanakhala bwino, poti wokukalipira amabweranso kudzaona ngati wasintha. Koma nkhope ya Madamu inkawala.

"Agogo, mukudziwa kuti inu ndinu umboni? Zaka sikisi tikulemba malipoti kuti ntchitoyi ikupindula, ena osakhulupirira. Ndiye taonani. Mayi wa m'dera, wophunzitsidwa ndi ana athu, wapulumutsa mwana ine ndikuona." Anatulutsa foni. "Imani choncho ndi mwanayo. Yang'anani kuno."

Atelala anayang'ana komwe anauzidwa.

"Setifiketi yanu ndisayina ndekha, Atcheya akubweretserani. Mwamaliza, agogo, mwamaliza ndi ulemu. Sitingakutayitseninso nthawi ndi mafunso a ana." Anatembenukira kwa Wamagalasi. "Iwe masabata ako otsalawo upite kuchipinda chinacho, kwa mayi wa mwanayu. Kumeneko ndiye kuli ntchito. Usinthe pa tabuletipo."

"Ine za makanda zokha ndiye ndimadziwako," anatero Atelala. "Zinazo ndimasokoneza kwambiri. Za mankhwala. Funsani lotsatira muone."

Madamu anaseka n'kuwasisita paphewa. "Nthabwala zanu agogo."

"Madamu," anayamba Wamagalasi, supuni ili m'manja, "mwina ndingamayendere makomo onse awiri. Ndi khoma limodzi."

"Wophunzira mmodzi, khomo limodzi. Makomo khumi ndi asanu tawasiya opanda munthu, ndiye wina akhale ndi namwino atamaliza kale? Akamva a komiti atidya amoyo."

Wamagalasi anathira madontho ena awiri m'kamwa mwa khanda, ndipo linameza.

Mtsikana uja anabwera ndi kachikwama, akupuma mothamanga, n'kutenga mwana wake. Anati zikomo amama, maso ali pa mwanayo. Amayi a pakhomo anapatuka kuti Madamu adutse, wina akuti koma Atelala ndi dokotala ndithu, wina akuti tinkakhala nawo osadziwa. Wamagalasi anatseka jagi kuti apite nayo m'galimoto, analonjeza kuti aibweza kudzera kwa mayi wa mwanayo, ndipo anakoleka chikwama paphewa. Pa tabuleti dzina la khomo lachinayi linali litasanduka lobiriwira.

Tiyi yemwe Atelala anawiritsa m'mawa anali akadali pambaula, makapu atatu atatsukidwa kale. Anawatsatira alendowo mpaka pamphuthu. Madamu anali patsogolo, foni ili kukhutu, akuuza a kuchipatala kuti akonze bedi. Mayi wa khanda ankawatsatira chothamanga. Wamagalasi anali pambuyo pa onse, akuyang'ana pansi posankha popondera.

"ANesi," anaitana Atelala.

Mtsikanayo anaima, osatembenuka kwenikweni.

"Ndiye kuno kuzibwera ndani?"